Anakwera Kuthawa Madzi

"Ndanena kale, pano sitichoka."

Gervazio anayankhula akumanga zingwe za jombo zake za ulonda, osamuyang'ana n'komwe mkazi wake. Sellina anali chiimire pakhomo, kamwana kawo Noel kali kumsana, dzanja lamanja lili matope okhaokha.

"Mng'alu uli kuseri kwa nyumbawu mwauona kapena simunauone, bambo a Daisy?"

"Ndauona. Nthaka imang'aluka. Kwathu makande amang'aluka mpaka kamwana ka mbuzi kugweramo, koma sindinamvepo kuti munthu wasamuka chifukwa cha mng'alu."

"Makande amang'aluka ndi dzuwa. Uwu wang'aluka mvula ili mkati. Sabata yatha ndimangolowetsamo chala, lero mkono walowa mpaka m'chigongono, pansi osapakhudza."

"Ndiye kasambe."

Mwamuna ameneyu, abale! Sanali woipa mtima ayi, koma akagwira mfundo yake ankaikakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Nyumba yawo inali yomalizira ku Chilobwe konse, pamwamba penipeni m'mbali mwa phiri la Soche. Kupitirira apo kunalibenso munthu, kunali miyala ndi zitsa za mitengo imene inapita kalekale ku makala. Anzake ku Ginnery Corner, kumene ankalondera nyumba yosungiramo katundu, ankamuseka kuti wamanga kwa anyani. Iye ankangonyadira, poti malowo anachita kusankha dala.

"Iwe madzi suwadziwa," anapitiriza akuvala jekete. "Unabadwira mu Ndirande, madzi unawaonera pampopi. Ife kwathu kunali kumtunda bwinobwino, ku Nsanje tinkapita panjinga. Shire atakwiya anang'amba njira ina kuseri kwa mudzi, tinangozindikira tili pachilumba. Chaka ndi chaka chilumbacho chikunka chichepa. Ine ndagonapo mumtengo wa mango, ng'ombe zikudutsa pansi panga miyendo ili m'mwamba. Madzi amayambira pansi, Sellina. Amalowa pachitseko, afike m'mawondo, afike m'chiuno. Amene ali pamwamba ndiye amatsala. Oyenera kuchita mantha ndi a kumunsi kumsika uko, osati ife."

"Amayi anga anakulira ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri. Iwo ankati madzi a m'phiri sabwera pachitseko. Amabwera padenga, atasenza miyala."

"Za napolo zija? Nthano za Alomwe zimenezo."

"Nthano zilibe manda, bambo a Daisy. Ine manda ake ndinakawaona. Tiyeni tikachite lendi kachipinda kumunsi, mvula ikatha tibwerera. Kapena ndipite ndi ana kwa achemwali anga."

Apo Gervazio anatembenuka, maso ali psuu.

"Ukafuna kutsika, tsika wekha. Ine ndinalowola. Ana awa ndi a kwathu, si za kwanu zija zoti mwana ndi wa amalume ake. Tsiku limene udzanditengere ana n'kupita nawo kunsi kumene kumathamangira madzi, ukwati udzathera pomwepo."

Anatuluka. Sellina anakhala pampando. Daisy, wa sitandade fili, anasuzumira kuchokera kuchipinda n'kubwezanso mutu. Mayiyo anachita mantha, chifukwa anadziwa kuti mwamunayo sakuopseza chabe. Gervazio nayenso ankawakonda anawo, ndipo chikondi chakecho ndicho chinkawasunga paphiripo.

Patapita masiku, Sellina anamva makasu ndi nyundo zikulira kumtunda kwa nyumba. Atapita anapeza a Lackson, amene anawagulitsa puloti, akulozera anyamata awo pokumba. Ankasalaza puloti ina, pamwamba pa mng'alu womwewo. Miyala ikuluikulu imene inkagwira dothi ankaiphwanya kuti akagulitse kwa omanga.

A Lackson anali munthu wa pakamwa pokoma. Anthu ochokera kuchigwa cha Shire ankawadziwa ndi kayankhulidwe, ndipo ankachita kuwachingamira padepoti. Mawu awo anali amodzi: kuno madzi safika. Kwa munthu amene wagonapo mumtengo, mawu amenewo amaposa mankhwala. Koma eni akewo nyumba yawo inali kumsewu wa tala, pamalo osalala, yampanda ndi geti.

"A Lackson, taonani izi," anatero Sellina akuloza mng'alu. "Phirili likutseguka."

Bamboyo anasuzumira, n'kugwetseramo kamwala ndi nsapato. Kamwalako sikanamveke pofikira.

"Aaa, ndi kanthu kakang'ono aka, mayi. Anyamata, tatayanimoni zibuma umu."

"Mukatseka pakamwa pake ndiye kuti pansipo patsekeka?"

"Mayi, mwaphunzira za miyala kuti? Puloti iyi ndalonjeza kale banja lina lochokera ku Chikwawa, likubwera mwezi ukatha. Musandiyendere m'makomo ndi nkhani zoopseza anthu. Ndamva kuti mwayamba kale kumpopi."

"Inuyo mungagone pano ndi ana anu?"

A Lackson anaseka, n'kuyang'ana foni. Koma madzulo ake anakumana ndi Gervazio panjira n'kumuuza kuti mkazi wake akumuchotsa ulemu pamaso pa anthu, ndipo m'nyumbamo simunayankhulidwenso za mng'alu. Anyamata aja anautseka bwinobwino, n'kupondaponda pamwamba. Mvula itagwa kawiri unatsegukanso, chapatali pang'ono, wautali kuposa kale.

Lamulungu lina, atatuluka m'tchalitchi, anthu a kuchilumba chija anasonkhana pabwalo pa Gervazio monga ankachitira mwezi uliwonse. Anali mabanja angapo, onse anabwera mu Blantyre mmodzimmodzi pothawa madzi, onse anamwazikana m'munsi mwa phirilo. Wailesi inali itayamba kunena za namondwe amene akuchokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique.

Gervazio anaimirira pafupi ndi mzati umene anapachikapo chitsulo cha gudumu la lole.

"Abale, mwambo wathu mukuudziwa. Kwathu madzi akayamba, wa nyumba ya pamtunda amamenya chitsulo, ndipo aliyense amasiya zonse n'kukwera. Palibe kufunsa, palibe kudikira kuti ndione kaye. Amene anadikira tinawapeza m'bango. Kuno wa pamtunda ndine. Mukamva chitsulo ichi, nyamulani ana, bwerani. Tidzapanikizana, koma tidzakhala amoyo."

Anthu anavomera ndi mitu. Sellina anali atagwada pambali akugawa mbatata. Kenako anayankhula.

"Pepani azibambo, ndiyankhuleko. Kuno si kuchilumba. Kuno choopsa chili kumwamba kwathuku. Mvula ikalimba musakwere, pitani kutchalitchi cha pachitunda uko, kutali ndi makwawa."

Mkulu wina anaseka chapansipansi.

"Mlamu wathu akuti madzi akabwera tiziwatsata kumene akupita."

Anthu anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati mmene umasekera mwana akanena zosadziwa. Gervazio sanaseke. Anangomuyang'ana mkazi wake, ndipo Sellina anatola mbale n'kulowa kukhitchini.

Anamutsatira ndi Anastazia, mlongo wake wa Gervazio, mayi wamasiye wa ana atatu amene ankagulitsa nsomba zouma mu Limbe. Awiriwa ankagwirizana kwambiri. Noel pobadwa anamulandira ndi Anastazia yemweyo, minibasi isanafike kuchipatala.

"Alamu, musakwiye nawo anthuwa," anatero akumuthandiza kutsuka makapu. "Inu simunaone. Chaka cha madzi aakulu chija, malemu bambo a ana angawa anati tidikire, madzi abwerera. Achimwene anabwera, madzi ali m'chifuwa, n'kundikoka ine ndi mimba yanga mpaka pachulu. Anabwereranso kukatenga ana. Ulendo wachitatu anapeza nyumba palibe, mwamuna wanga palibe. Ndiye achimwene akati kwera, ine sindifunsa."

"Nanga akalakwitsa, alamu?"

"Pa madzi? Achimwene angalakwitse pa zina, osati pa madzi."

Sellina anafuna kumutengera kuseri kuti akaone yekha mng'aluwo, koma Gervazio anaitana tiyi, ndipo mpata unapita.

Mvula inayamba Lachisanu. Sinali mvula yamabingu imene imabwera ndi ukali n'kupita. Inali yongotsika, usana ndi usiku, mphepo ikuikankhira m'mazenera. Magetsi anazima tsiku loyamba lomwelo. Minibasi zinasiya kuyenda, Gervazio sanapite kuntchito. Phiri silinkaoneka, linakwiririka mumtambo wa mbuu.

Sellina ankayenda m'nyumbamo ngati nkhuku yofuna poikira. Loweruka anaona kuti chitseko chakuchipinda chayamba kukana kutsekeka. Lamulungu chimbudzi chinapendekeka. Lolemba m'mawa, akusesa, anaona madzi akutumphuka pakona ya pabalaza, kuchokera pansi pa simenti. Sanali madzi a mvula oyera. Anali ofiira, onunkha dothi la pansi penipeni, ngati la kumanda.

"Bambo a Daisy, bwerani muone."

Gervazio anaona, n'kugwedeza mutu.

"Ngati kuno kwafika potere, ndiye kumunsi kuli bwanji? Anthu aja amira. Nthawi yakwana."

"Chonde musawaitane. Ndagwira mwendo wanu. Madziwa akuchokera m'kati mwa phiri, phirili lakhuta. Tamverani khwawalo, dzulo limasokosa, lero langoti chete mvula ikugwa chonchi. Madzi ake apita kuti? Atsekeredwa kumtunda uko."

"Khwawa likaphwa ndiye kuti zinthu zili bwino."

"Si bwino ayi. Amayi ankati likatero..."

"Amayi ako, amayi ako. Yala mphasa, anthu akubwera. Uwiritsenso madzi a tiyi."

Anavala pepala la pulasitiki n'kutuluka ndi nyundo. Posakhalitsa chitsulo chinayamba kulira, nge, nge, nge, kulira kwake kukutsetsereka ndi phiri mpaka kumsika.

Sellina anaima pakati pa nyumba. Anaganiza za ukwati wake, za mawu aja oti udzathera pomwepo, za kumene angapite ndi ana awiri popanda mwamuna mu Blantyre muno. Kenako anayang'ana Daisy, amene anakhala pabedi atakweza miyendo kuopa madzi ofiirawo, ndipo kuganiza kunatha. Anabereka Noel, n'kumanga chitenje chachiwiri pamwamba. Anaponya tizovala m'chikwama cha kusukulu.

"Daisy, vala nsapato. Usayankhule. Tikutulukira khomo lakukhitchini."

"Adadi akudziwa?"

"Ndati usayankhule."

Anazemba kuseri kwa mpanda wa udzu, chitsulo chikulirabe. Njira inali yoterera ngati therere. Sellina sanatsate khwawa. Analowera cham'mbali, kulunjika kuchitunda kumene kunali tchalitchi, atagwira dzanja la Daisy zolimba.

Ndiye anayamba kukumana nawo. Mayo ine, anthu omvera ngati amenewa! Ankakwera mumvula, mphasa pamutu, ana kumsana, wina atanyamula nkhuku m'dengu, gogo wina ataberekedwa ndi mdzukulu wake. Ankakwera mwachangu koma mosatekeseka, ngati anthu amene anachitapo zimenezi ndipo akudziwa kuti akangofika pamwamba apulumuka. Sellina anaphimba nkhope ndi chitenje n'kupatukira kuseri kwa nyumba za eni. Anadziwa kuti akangoyankhula ndi mmodzi, mawu afika kwa Gervazio iye asanawoloke khwawa, ndipo Daisy alandidwa.

Pamphambano ya tinjira, pamene panalibe pobisala, anangoti gululu ndi Anastazia. Anali ndi ana ake onse atatu, wamng'ono atamukhazika paphewa, thumba la nsomba lili pamutu.

"Alamu, mukulowera kuti? Chitsulo simukuchimva?"

Mawu anafika pakhosi pa Sellina. Bwererani, alamu, tiyeni kutchalitchi, phirili likugwa. Koma anamudziwa Anastazia. Sakanabwerera. Akanagwira Daisy padzanja n'kukuwira mchimwene wake, mwachikondi chenicheni, kuti mlamu wasokonezeka mutu akupita ndi ana kumadzi. Ndipo apa panali pafupi, Gervazio akanamva.

"Ndikukagula makandulo pagolosale apa. Anthu achuluka, m'nyumba muli mdima."

"Ndi ana omwe, mvula imeneyi? Bwera kuno Daisy, tipite limodzi kwa adadi."

Daisy anayamba kusuntha. Sellina anamukoka mwamphamvu mpaka mwanayo anadzandira.

"Andinyamulira katundu. Pitani, tikupezani."

Anastazia anayang'ana chikwama chija, n'kuyang'ana mlamu wake kumaso. Anakonza thumba pamutu n'kupitiriza kukwera, ana ake akumutsatira pambuyo. Wapaphewa uja anatembenuka n'kumubayibitsa Daisy.

Sellina anayenda osacheukanso, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Anagwa kawiri. Anawoloka kamlatho ka matabwa pakhwawa lija, pansi pake pakungoyenda timadzi tochepa tamatope, n'kuyamba kukwera chitunda cha kutsidya. Chitsulo chinali chitasiya kulira.

Anali atangofika pakhonde la tchalitchi, pamene panali kale anthu ena obisala mvula, pomwe anamva dzina lake. Gervazio ankabwera chothamanga, wopanda pulasitiki ija, matope mpaka m'ntchafu, ali wefuwefu.

"Makandulo akewo ali kuti?"

"Bambo a Daisy..."

"Anastazia wandiuza. Akuti mlamu wanyamula chikwama. Ine ndasiya anthu adzaza nyumba, alendo anga, kuti ndizithamangitsana ndi iwe? Ndinakuuza chiyani za ana anga?"

Anagwira Daisy mkono wina. Sellina sanasiye winawo. Mwanayo anayamba kulira ali pakati, Noel nayenso analira kumsana.

"Ndimenyeni pompano, anthu aone. Ukwati uthe ngati ukutha. Koma mwanayu sakwereranso phiri limenelo."

"Siya mwana, Sellina."

"Sindisiya."

"Ndati siya. Ukufuna adzafere kuno kunsi ngati..."

Sanamalize. Kunamveka kulindima, osati kumwamba koma pansi, kolowera kumapazi. Mazenera a tchalitchi ananjenjemera. Wina anati ndi ndege, wina anati ndi malole. Onse anatembenukira kuphiri.

Mtambo unali utang'ambika pang'ono, ndipo anaona. Mbali ya phiri inkatsika. Inkatsika yonse, dothi lofiira, zitsa, miyala yaikulu ngati minibasi ikugubuduka patsogolo. Nyumba yoyamba kukumana nayo inali yomalizira ija, ya pamwamba pa onse. Sinagwe ngati mmene nyumba imagwera. Inangosowa. Denga lokha linaoneka kamphindi likuyandama pamatope, kenako nalonso linamira, ndipo chigumulacho chinalowa m'khwawa n'kupitirira kumunsi, chikumeza nyumba zina, kamlatho kaja ndi njira yomwe.

Phokoso litachepa kunatsala mvula yokha, ndi kulira kwa anthu kutali. Pamene panali nyumba yawo panali mpita wofiira, wosalala, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Dzanja la Gervazio linamasuka lokha pamkono wa Daisy. Anayenda pang'ono kulowa mumvula, n'kugwada m'matope.

"Onse anafika," anatero ndi mawu aang'ono, osauza munthu. "Palibe anatsala. Ndamenya chitsulo, onse abwera. Anastazia amayala mphasa."

Anadzuka n'kuyamba kuthamangira kuphiri. Azibambo awiri anamugwira, poti dothi linali likutsikabe. Analimbana nawo akuitana mlongo wake, kenako ana a mlongo wake mmodzimmodzi, mpaka mawu anasasa.

Sellina anakhala pansi pakhondepo. Noel anali kumsana, wofunda, akupuma. Daisy anali pambali pake, wamoyo, wathunthu, akunjenjemera. Chimene ankafuna anachipeza, ana ake onse awiri anali pano. Koma chimwemwe munalibe mumtima mwake, munali mantha okhaokha, oposa a m'mawa aja.

Daisy anayang'ana phirilo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, inu mumadziwa kuti ligwa?"

"Ndimaopa, mwanangu."

"Nanga bwanji azakhali aja simunawauze kuti abwerere?"

Sellina anangomukokera mwanayo pachifuwa n'kumufinya.

"Amayi, mukundipweteka."

Sanamusiye.